Kuphunzitsa ana anu pakhomo: muyambire pati

Makolo akangogwirizana zoti ana aziphunzirira pakhomo, ambiri amathamangira kukagula zinthu: mabuku a kalasi yonse, bolodi, timadesiki, mapu opachika pakhoma. Zimenezo zidikire kaye. Mphamvu ya maphunziro a pakhomo ili pa chinthu chimodzi chimene mphunzitsi wa m'kalasi amachilakalaka koma sachipeza: mwana akakakamira, inu mumaona pompo, ndipo mutha kuima. Mphunzitsi amene ali ndi ana 40 kapena kuposerapo sangaimitse kalasi yonse chifukwa cha mwana mmodzi amene sanamvetse kugawa. Belu likalira, apita pa mutu wina. Inu belu mulibe.

Mu 1984 katswiri wa zamaphunziro wa ku America, Benjamin Bloom, analemba kuti ophunzira amene ankaphunzitsidwa mmodzimmodzi, osaloledwa kupita patsogolo asanamvetse zimene ali nazo, ankaposa kutali anzawo a m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti kusiyanako sikwakukulu monga iye ananenera, komabe kulipo. Masitepe ali m'munsiwa ndawasanja pofuna kuteteza mwayi umenewo, pakuti sukhalira kutayika. Kholo likayamba kuthamangitsa masamba a buku kuti "timalize silabasi", ndiye kuti lamanga sukulu ina m'nyumba, yopanda anzake a mwana, yopanda ndi bwalo lamasewera lomwe.

Yambani ndi lamulo, mwana asanachoke kusukulu

Mayiko amasiyana kwambiri pa nkhaniyi. Ku Germany kuphunzitsa ana pakhomo m'malo mowatumiza kusukulu n'koletsedwa, ndipo mu 2006 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linakana dandaulo la makolo ena a kumeneko amene ankafuna kutero. Ku France kale kunali kokwanira kungodziwitsa boma, koma lamulo la mu 2021 linasintha zinthu: kuyambira mu 2022 kholo liyenera kupempha chilolezo, ndipo zifukwa zovomerezeka n'zowerengeka. Ku England lamulo la zamaphunziro la mu 1996 limapatsa kholo udindo woonetsetsa kuti mwana akulandira maphunziro oyenera msinkhu ndi nzeru zake, kaya kusukulu kaya mwa njira ina. Koma ku Scotland, moyandikana momwemo, mwana amene ali kale pasukulu ya boma simumuchotsa khonsolo isanavomere. Ku United States n'kololedwa m'zigawo zonse 50, koma ku Texas kholo silikakamizidwa kukalembetsa ku boma, pamene ku New York limapereka dongosolo la maphunziro chaka chilichonse ndi malipoti kanayi pachaka. Ku South Africa lamulo la sukulu la mu 1996 limafuna kuti mwana alembetsedwe ku ofesi ya zamaphunziro ya m'chigawo chimene akukhala.

Ndatchula mayiko angapo dala, kuti muone kuti zimene mwamva kwa mnzanu wa kudziko lina mwina sizikukhudzani n'komwe. Pitani nokha ku ofesi ya zamaphunziro ya m'dera lanu, kapena lembani kalata ku unduna, mufunse zinthu izi. Kodi lamulo limafuna kuti mwana akhale pa maphunziro kuyambira zaka zingati mpaka zingati? Kodi ndingodziwitsa, kapena ndipemphe chilolezo? Pali maphunziro amene ndiyenera kuphunzitsa? Alipo adzabwere kudzayendera, nanga adzafuna kuona chiyani? Mwana wosakhala pasukulu angalembe bwanji mayeso a boma? Yankho mulipemphe lolembedwa, ndipo mulisunge. Mawu apakamwa a kalaliki amatha tsiku limene iye wasamutsidwa.

Ngati mwana ali kale pasukulu, musangomusiyitsa mwakachetechete. M'kaundula adzaoneka ngati wojomba, ndipo m'mayiko ambiri kujomba kwa mwana ndi mlandu wa kholo. Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu, mutchule tsiku limene mwana asiye, mupemphe malipoti ake onse. Tsanzikanani bwino. Tsiku lina mungadzafune kubwererako.

Chifukwa chake n'chiyani, nanga aziphunzitsa ndani

Khalani pansi ndi amene mukulera naye anawo, mulembe papepala chifukwa chimene mukuchitira zimenezi, m'ziganizo ziwiri zokha. Mwina sukulu ili kutali, mwina mwana amadwaladwala, mwina anzake akumuzunza. Ena amasamukasamuka chifukwa cha ntchito, ena akuona kuti mwana watsalira kapena wathamanga kuposa kalasi yake, ena akufuna kuti chikhulupiriro chawo chikhale pakati pa maphunziro ake. Chifukwa chilichonse chimafuna dongosolo lakelake. Mwana amene adzabwerere kusukulu chaka chamawa ayenera kutsata silabasi ya dziko lake mosamala. Amene adzakhale pakhomo mpaka mayeso omaliza ali ndi mpata woyenda njira ina.

Kenako funso lovuta: ndani aziphunzitsa, nthawi yanji, ndipo ntchito imene ankagwira pa nthawiyo aigwira ndani? Chimene chimadula kwambiri pa maphunziro a pakhomo ndi maola a munthu wamkulu, tsiku ndi tsiku. Kholo limene likugwira ntchito ya maola 8 pakompyuta silinganene kuti likuphunzitsa mwana wa zaka 6 pa nthawi yomweyo, ngakhale onse ali m'chipinda chimodzi. Satifiketi ya uphunzitsi mayiko ambiri amene amalola saifuna, ndipo kwa ana aang'ono mungathe popanda iyo. Chimene simungathe popanda icho ndi kuugwira mtima mwana akalakwa funso lomwelomwelo kachisanu.

Mwanayo mumufunsenso. Wa zaka 7 sangasankhe, koma ali ndi mantha ndi mafunso ake. Wa zaka 14 amene sakufuna simungamuphunzitse kanthu. Ndipo musalumbire za zaka khumi. Gwirizanani za chaka chimodzi, muike tsiku lodzaunikanso.

Fufuzani pamene mwana ali

Kalasi imene mwana anali siikuuzani zambiri. Atha kukhala kuti anali m'kalasi yachisanu koma kuwerenga kwake n'kwa yachitatu, masamu ake n'kukhala a yachisanu ndi chimodzi. Masabata awiri oyamba akhale ofufuza, ndipo mawu oti mayeso musawatchule.

Mpatseni buku awerenge mokweza tsamba limodzi, inu muziwerenga chamumtima mawu amene akumupunthwitsa. Akafika asanu pa tsamba limodzi, bukulo lamukulira, tsikani. Akatha, tsekani bukulo mumupemphe akuuzeni zimene zachitika m'nkhanimo. Alipo ana amene amatchula mawu bwinobwino koma m'mutu osatsala kanthu, ndipo vuto limenelo simungaligwire pongomvetsera mmene akuwerengera. Pa kulemba, mpatseni lembetso la ziganizo zitatu kapena zinayi, kenako alembe yekha za chinthu chimene amachikonda. Pa masamu, yambani ndi mafunso a makalasi awiri m'mbuyo, muzikwera mpaka pamene wayamba kulakwa pafupipafupi. Pamenepo ndiye poyambira panu, ngakhale pakuchititseni manyazi. Kawirikawiri mudzapeza kuti chimene chikumuvuta lero chinayambira kutali: mwana amene akulephera mafulakishoni amakhala kuti kugawa sanakumvetse, ndipo kugawako kunamuvuta chifukwa matebulo ochulukitsira sanawagwire.

M'masabata omwewa mupite naye akapimidwe maso ndi makutu. Ana ena amene amatchedwa aulesi amangokhala kuti saona bwino zilembo. Ndipo ngati mwana wa zaka 8 waphunzitsidwa bwino koma kuwerenga kukumukanikabe, funsani katswiri. Vuto la dyslexia, limene limachititsa mwana kuvutika kulumikiza zilembo ndi maliwu ake, limafuna kaphunzitsidwe kapadera, ndipo kukalipa sikulichotsa.

Mwana amene wachoka kusukulu ali wosweka mtima amafunika kupuma asanayambe. Ena mwa ophunzitsa pakhomo amati apume mwezi umodzi pa chaka chilichonse chimene anakhala pasukulu. Ine ndimaona kuti pamenepo anawonjeza. Masabata ochepa akwana, ndipo m'kati mwa masabatawo kuwerenga kusaime.

Njira yophunzitsira, ndi zoti mugule

Mukayamba kuwerenga za nkhaniyi mudzakumana ndi mayina angapo, lililonse lili ndi olitsatira amene amaliikira kumbuyo mwamphamvu. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, ankafuna kuti mwana aphunzire ndi manja, pogwira ndi kusanja zinthu, n'kumadzisankhira ntchito pamalo okonzedwa bwino. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anamwalira mu 1923, ankalimbikitsa maphunziro aafupi, mabuku olembedwa mokoma m'malo mwa ouma a mfundo zokhazokha, kuyenda panja kukaona zachilengedwe, ndiponso kuti mwana azifotokoza m'mawu ake zimene wamva. John Holt wa ku America, amene anayambitsa magazini ya makolo ophunzitsa pakhomo mu 1977, anapita patali: ankati mwana aphunzire motsata chidwi chake, popanda silabasi. Ndiye pali amene amangotenga mabuku ndi ndandanda ya kusukulu n'kumazitsata pakhomo, ndi amene amalembetsa ana kusukulu za pa intaneti.

Chaka choyamba musadzimangirire kwa aliyense wa iwo. Pezani silabasi ya dziko lanu kuti muzidziwa zimene anzake a mwana wanu akuphunzira. Sankhani buku limodzi la masamu loyenda mwadongosolo, ndi njira imodzi yophunzitsira kuwerenga. Ziwirizi musamazisinthesinthe, chifukwa buku lililonse limasanja mitu mwa njira yake, ndipo kudumphadumpha kumasiya mipata. Zina zonse, mbiri yakale, sayansi, za mayiko, zojambula, nyimbo, kwa mwana wosakwana zaka 10 zingachokere ku laibulale, panja ndi m'macheza. Kwa Holt tengani mtima wolemekeza chidwi cha mwana. Koma zodikira kuti mwana adzafune yekha matebulo ochulukitsira, ine sindikulangizani.

Pa intaneti pali zaulere zabwino. Khan Academy ili ndi mavidiyo ndi mafunso a masamu kuyambira a ana aang'ono mpaka a kusekondale, ndipo African Storybook ili ndi timabuku ta nthano m'zinenero zambiri za mu Africa. Zithandizeni, koma zisalowe m'malo mwanu. Mwana angaonere vidiyo ya mphindi khumi akugwedeza mutu, osamvetsa kanthu. Zogula zofunika poyamba ndi makope, mapensulo, rula, kabolodi kakang'ono, ndi bokosi limodzi loikamo zonsezo kuti m'mawa musataye theka la ola mukufunafuna lofufutira.

Kuwerenga, kulemba ndi masamu

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo zitatuzi zizichitika tsiku lililonse lophunzira, ngakhale tsiku limene zina zonse zasokonekera.

Kuwerenga kumayambira pa maliwu. Mwana adziwe kuti chilembo chilichonse chimaimira liwu, aphunzire kulumikiza maliwu kukhala maphatikizo, maphatikizo kukhala mawu, mawu kukhala ziganizo. Gulu la akatswiri limene linaunika kafukufuku wa kuwerenga ku America mu 2000, komanso lipoti lina la ku England la mu 2006, onse anatsindika kuti maliwu aphunzitsidwe mwadongosolo. Mwana asamalote mawu poyang'ana chithunzi. Mukaona maso ake akuthawira pa chithunzi, muuzeni mofatsa abwerere pa zilembo, ayambe ndi liwu loyamba. Zinenero zina, monga Chichewa, Chiswahili ndi Chisipanishi, zimalembedwa pafupifupi monga zimatchulidwira, choncho mwana akagwira maliwu amathamanga. Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44 pa zilembo 26 zokha, ndipo chimatenga nthawi yotalikirapo. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi chinenero chimene mwana amalankhula pakhomo. Bungwe la UNESCO lakhala likulimbikitsa zimenezi kuyambira mu 1953, ndipo luso lowerenga limene mwana wapeza m'chinenero chake amapita nalo ku chinenero chachiwiri. Mphindi 10 kapena 15 patsiku zakwana. Padzakhala masabata amene mudzaona ngati palibe chikuyenda, kenako tsiku lina mwana n'kuwerenga yekha chikwangwani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pambali pa phunziro la maliwu, muzimuwerengera mokweza tsiku lililonse buku loposa msinkhu wake wowerengera, ndipo musasiye chifukwa choti wayamba kuwerenga yekha. Khutu la mwana limamva zinthu zovuta kuposa zimene maso ake angathe, ndipo mawu atsopano amawatola mmenemo. Mukawerenga ndime imodzi kapena ziwiri, imani, mumuuze kuti, "Tandiuza zimene wamva." Musamudule pakamwa, musamukonze ali m'kati. Poyamba adzanena chiganizo chimodzi. Pakapita miyezi adzafotokoza nkhani yonse mwatsatanetsatane, ndipo amene amatha kusanja maganizo pakamwa savutika akadzayamba kulemba chimangirizo. Pa zonse zimene Charlotte Mason ankaphunzitsa, ichi ndiye ndingakuumirizeni, pakuti sichifuna ndalama, ndipo chimakuonetsani pompopompo zimene zalowa ndi zimene sizinalowe.

Kulemba kumakwera pang'onopang'ono: kagwiridwe ka pensulo ndi kaumbidwe ka zilembo, kukopera chiganizo chimodzi mosamala, lembetso, kenako ziganizo zake. Mzere umodzi wolembedwa bwino uposa tsamba lathunthu lothamangitsa. Akayamba kulemba zake, musadzaze kope ndi inki yofiira. Sankhani cholakwa chimodzi kapena ziwiri zoti mukonze lero, zinazo zidzabwera mawa.

Masamu ayambire m'manja. Katswiri wina wa ku America, Jerome Bruner, anafotokoza m'zaka za m'ma 1960 kuti mwana amamvetsa chinthu poyamba pochigwira, kenako pochiona pa chithunzi, pomaliza pa zizindikiro zolembedwa. Sukulu za ku Singapore zinamanga kaphunzitsidwe kawo ka masamu pa maganizo amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Kwa inu zikutanthauza izi: musanalembe 12 ÷ 3, mpatseni timiyala 12 atigawe m'milu itatu. Kenako ajambule milu itatuyo. Nambala zibwere pomaliza. Mateni ndi mawani aphunzire pomanga timitengo khumikhumi ndi mphira, kuti akadzamva zoti "tabwereka imodzi" pochotsera, adziwe kuti wamasula mtolo wa khumi. Mafulakishoni ayambe ndi kupinda ndi kudula pepala. Akakakamira pa mutu uliwonse, bwererani sitepe imodzi, kuchoka pa nambala kupita pa chithunzi, kuchoka pa chithunzi kupita pa zogwirika.

Matebulo ochulukitsira aloweze ndithu, atamvetsa kaye tanthauzo lake, mphindi zisanu patsiku. Mwana amene amawerengabe zala pofuna 7 × 8 amatopa asanafike pa funso lenileni. Ndipo mwana akalakwa, musathamangire kumupatsa yankho. Mufunseni kuti, "Waipeza bwanji?" Kafotokozedwe kake n'kamene kadzakuonetsani pamene pathyoka. Mufunsenso chimodzimodzi ngakhale pamene wakhoza, kuopa kuti angaphunzire zoti funsolo limabwera akalakwa pokha.

Tsiku liziyenda bwanji

Musakopere maola a kusukulu. Nthawi yambiri kumeneko imathera pa kuitana mayina, kusintha makalasi, kugawa makope ndi kudikirana. Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7, ola limodzi kapena awiri okhala pansi ndi okwanira. Wa zaka 10 angafike maola atatu, wa kusekondale anayi kapena asanu, ambiri mwa iwo akugwira yekha. Phunziro limodzi la mwana wamng'ono lisapitirire mphindi 15 kapena 20, ndipo muzisinthanitsa lolemba ndi lomvetsera, lokhala pansi ndi loyendayenda.

Ikani nthawi yoyambira yosasintha, koma zotsatira zake muzisanje mwa ndondomeko chabe, popanda kumangirira chilichonse pa wotchi: masamu, kenako kuwerenga, kupuma, kulemba, buku lowerengera limodzi. Ndandanda yoti 9:20 izi, 9:40 izo, imasweka tsiku loyamba limene khanda ladwala, ndipo ikasweka kholo limagwa mphwayi. Chovuta chikhale choyamba, mitu isanatope.

Ngati ana ndi angapo, masamu ndi kuwerenga aliyense achite pa msinkhu wake, mosinthana: wina ali ndi inu, wina akukopera kapena akusewera ndi wamng'ono. Mbiri, sayansi ndi buku lowerenga mokweza achitire limodzi, wamkulu n'kulemba zimene wamva, wamng'ono n'kujambula. Musawayerekeze pamaso pawo.

Tulo ndi masewera zilowe m'dongosolo. Madokotala oona za tulo ku America amalangiza maola 9 mpaka 12 kwa ana a zaka 6 mpaka 12, ndi maola 8 mpaka 10 kwa a zaka 13 mpaka 18. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 patsiku. Mwana wa kusukulu amayendako ndithu ndi kuthamanga pa nthawi yopuma. Wa pakhomo atha kutha tsiku lonse osatuluka, inu osazindikira.

Kuti zimene waphunzira zisauluke

Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti munthu amaiwala msanga kwambiri zimene wangophunzira kumene, ndipo kubwereza patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Mu 2006 ofufuza a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenganso, ena anaitseka n'kuyesa kukumbukira. Atayesedwa patapita mphindi zisanu, owerenganso aja anachita bwino. Patapita sabata, amene anayesa kukumbukira ndiwo anapambana. Ndiye musanyengedwe ndi mwana amene wakhoza zonse lero. Funso la lero mulifunsenso mawa, sabata yamawa, ndi mwezi wamawa, buku lili chitsekere. Yambani phunziro lililonse la masamu ndi mafunso atatu a mitu yakale, ndipo tsiku lomaliza la sabata likhale ndi mphindi zingapo zoti mwana anene kapena alembe zonse zimene akukumbukira. Zimene zasowa ndizo ntchito ya sabata yotsatira.

Sungani umboni

Kope limodzi likhale lanu. Tsiku lililonse lembani mizere iwiri kapena itatu: tsiku, zimene mwachita, pamene panavuta. Mu fayilo muziika zitsanzo za ntchito ya mwana mwezi ndi mwezi, zolembedwa tsiku, pamodzi ndi mndandanda wa mabuku amene wawerenga ndi makalata onse a ku ofesi ya zamaphunziro. Woyendera akabwera, kapena sukulu ikadzafuna kudziwa kalasi yomuika, mudzatulutsa zimenezo. Zidzakuthandizaninso inuyo pa tsiku limene mukuona ngati miyezi yapita pachabe: mudzaika kope la mu Januwale pambali pa la mu Juni.

Anzake, ndi akuluakulu ena

Funso limene achibale adzakufunsani kosaleka ndi loti, "Nanga azicheza ndi ndani?" Musapse nalo mtima, n'lomveka. Kusukulu anzake amabwera okha. Pakhomo muyenera kuwafunafuna. Chimene mwana amasowa ndi anzake omwewomwewo amene amakumana nawo sabata ndi sabata, mpaka kukangana n'kugwirizananso, popanda inu kulowererapo. Timu ya mpira, kwaya, gulu la masikauti, kalasi ya zojambula, ana a oyandikana nawo madzulo, chilichonse chokhazikika. Pezaninso mabanja ena ophunzitsa pakhomo. Mungagawane ntchito, wina sayansi, wina chinenero, ndipo inunso mudzakhala ndi wodandaula naye.

Pakhalenso akuluakulu ena amene mwana amawamvera ndi kuwakhulupirira, amene angawauze zimene sangakuuzeni inu. Kholo limene lilinso mphunzitsi limaona mwana wake moyandikira kwambiri, mwakuti zina silizionanso. Kamodzi pachaka pemphani mphunzitsi wodziwa ntchito amuyese mwanayo, akuuzeni mosabisa.

Akamakula: zimene simungathe, ndi mayeso

Idzafika nthawi imene masamu kapena sayansi ya mwana idzakupitirirani. Pamenepo ntchito yanu imasintha: mumakhala wofunafuna mphunzitsi wapadera, kalasi ya pa intaneti kapena buku labwino, ndi woonetsetsa kuti ntchito ikugwiridwa. Kuyambira zaka 11 kapena 12 muzimupatsa mndandanda wa ntchito za sabata yonse kuti aphunzire kudzigawira nthawi.

Za mayeso muziganizire mwana akafika zaka 12 kapena 13, ndipo muyambire kumapeto. Kodi koleji, yunivesite kapena ntchito imene akuilakalaka imafuna satifiketi yanji, ya maphunziro ati? Mayiko ambiri amalola munthu wosakhala pasukulu kulemba mayeso a boma, koma malamulo ake mufunse ku bungwe loyendetsa mayesowo, makamaka pa maphunziro amene amafuna ntchito ya mu labotale kapena malikisi a m'kalasi. Ena amasankha mayeso a kusekondale otchedwa IGCSE, oyendetsedwa ndi mabungwe a ku Britain a Cambridge kapena Pearson Edexcel, amene kawirikawiri amalembedwa pa zaka 16 pambuyo pa maphunziro a zaka ziwiri. Wolemba payekha amalembetsa kudzera pasukulu yovomerezeka, kapena ku British Council m'mayiko amene bungweli limachititsa mayeso. Pa sayansi, Cambridge ili ndi pepala lolemba lolowa m'malo mwa mayeso a mu labotale. Malo olembera muwapeze musanagule mabuku, chifukwa si malo onse amene amalandira olemba paokha, ndipo kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike. Mapepala a mayeso akale awalembe ndi wotchi patebulo, popanda womuthandiza, chifukwa mwana wozolowera kuti amayi kapena abambo ali pambali amadabwa akakhala yekha m'holo.

Teremu yoyamba ikatha

Tulutsani pepala lija munalembapo chifukwa chanu, kope lanu ndi fayilo ya mwana. Yang'anani zinthu zitatu: kodi akuwerenga bwino kuposa pamene munayamba, kodi masamu asuntha kuchoka pamene munamupeza, kodi ali ndi anzake amene amawatchula mayina. Ngati chimodzi chatsalira, sinthani chimodzicho, osagwetsa dongosolo lonse. Misozi ya tsiku ndi tsiku pa phunziro limodzi nthawi zambiri imasonyeza kuti ntchito yamukulira; bwererani mitu iwiri, mufupikitse phunzirolo, muone ngati zisintha pa masabata awiri.

Pali zizindikiro zina zofuna kusintha kwakukulu: masabata akupita osatsegula buku, inu mwayamba kuchita mantha m'mawa uliwonse, mwana wadzipatula ndipo sakufunanso kuona anthu, kapena ndalama za banja zafika poti wophunzitsayo ayenera kubwerera kuntchito. Zikatero yesani kaye kugawana ntchito ndi banja lina kapena kulemba mphunzitsi wa maola ochepa. Zikakanika, kaonaneni ndi sukulu teremu isanathe, mufunse ngati ili ndi malo ndiponso ngati imayesa ana obwera kumene, mutenge fayilo ija, ndipo miyezi yotsalayo mutsate silabasi ya kalasi imene akalowe.